Nsambo za Gitala ya a Nampinga

Ana anga, za ubwana wanga sindilembapo, azakhali anu anakusimbirani kale zambiri. Pano ndikufuna kulemba za munthu amene ndinagwira naye ntchito ya ulangizi wa zaumoyo nthawi yaitali kuposa wina aliyense, malemu a Juliyo Nampinga. Akuluakulu inu mumawakumbukira pang'ono. Aang'ono munangomva dzina.

Namitambo, chaka changa choyamba pa ntchito

Ndinafika ku Namitambo nthawi ya dzinja, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, nditanyamula sutikesi, mphasa ndi kalata yondilemba ntchito. Ntchito yake inali yoyenda m'midzi pa njinga: kuyeza ana sikelo, kupereka katemera, kuyendera zitsime ndi zimbudzi. Mkulu wathu anali namwino wachikulire, mayi wosakonda kubwereza mawu. Tsiku lachiwiri anandilozera bambo wina wamfupi, wa mapewa otambalala, amene ankapopa njinga panja. "Muziyenda ndi a Nampinga awo," anatero. "Musadabwe ndi katundu wawo." Katunduyo anali gitala yokulungidwa m'thumba la feteleza, yomwe ankaibereka kumsana ngati mwana.

Ulendo wathu woyamba tinapita kumudzi wina wa kutsidya kwa dambo. Anthu onse anali kumunda, kupalira. Pamalo a sikelo tinapeza amayi atatu okha. Ine ndinayamba kupinda mapepala kuti tizibwerera, koma a Nampinga anakhala pamuzu wa mtengo wa mango, nkumasula thumba lija, nkuyamba kuimba. Mawu a gitala ija anali aakulu modabwitsa. Pasanathe theka la ola ndinaona amayi akutuluka m'chimanga, makasu paphewa, ana kumsana. Tsiku limenelo tinayeza ana mpaka dzuwa litapendeka. Pobwerera anandiuza kuti, "Mphwanga, munthu ali pakati pa mzere sangasiye khasu kuti adzamve za chimbudzi. Koma akamva nyimbo amabwera kudzaona kuti wafika ndani. Akafika, pamenepo ndiye iwe uziyamba zako."

Anali wamkulu kwa ine ndi zaka khumi. Anakulira pafupi ndi mishoni, ndipo gitala anaiphunzirira mu kwaya ya kutchalitchi. Agogo awo anachokera ku Mozambiki, choncho akakumana ndi okalamba ankalankhula nawo Chilomwe, ndipo nyimbo zina ankaziimba m'Chilomwe chomwecho. Nyimbozo ankapeka okha, za katemera, za kusamba m'manja, za phala la mwana. Ine ndinkawatchula kuti achimwene, iwo ankanditi mphwanga, kapena kungoti Mulepa.

Tsiku lina ndinapempha kuti ndiyeseko. Nditangodinikiza nsambo kangapo, nsonga za zala zanga zinachita mizere yofiira, ndipo ululu unakhalapo mpaka mawa lake. Iwo anaseka, nkunditambasulira dzanja lawo lamanzere. Nsonga za zala zinali zolimba ngati chikopa cha ng'oma. Anandifotokozera kuti nsambo zimagulitsidwa zamitundu iwiri. Zowonda ndi zofewa pozidinikiza, koma mawu ake safika patali, ndipo ukazimenya mwamphamvu zimaduka. Zonenepa zimapweteka, zimakoka khosi la gitala, koma mawu ake amawoloka dambo. "Zowondazo ndi za anthu okhala ndi chimkuzamawu," anatero. "Ife tilibe. Tikamanga zowonda, amva ndi mbuzi zokha zili pafupi." Kuyambira pomwe anayamba kuimba sanamangepo zowonda, ndipo ankanyadira zimenezo.

Vuto linali kuzipeza. Nsambo zinkapezeka ku Limbe kokha, ndipo nthawi zina miyezi inkatha sitolo ilibe. Ine ndili mnyamata ndinathandizapo amalume anga kukonza njinga, ndiye nsambo ikaduka ndinkatenga waya wa mabuleki, nkuupombosola, nkusankha ulusi woyenera. Waya wotere unkachita dzimbiri msanga ndipo unkacheka zala, komabe tinkayenda nawo. Kuchokera pamenepo kumanga nsambo inasanduka ntchito yanga. Zenizeni zikapezeka ndinkakagula ndine, kumanga ndine, iwo nkungochuna. Tinakhala choncho zaka zisanu. Paukwati wanga ndi amayi anu anaimba ndi iwo, ndipo iwe Agnesi, paubatizo wako anaima kumbuyo kwako ndi akazi awo.

Njuli, kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi

Kalata yondisamutsira ku Njuli inabwera mwadzidzidzi, ndipo ndinapita ndekha, a Nampinga nkutsala. Ku Njuli ndinakhalako zaka zisanu ndi ziwiri, zomwe zinali zovuta kwambiri pa ntchito yanga yonse. Zinthu zinkasowa. Palafini wa filiji yosungiramo katemera akatha, ndinkapalasa njinga kukasungitsa katemerayo kwina. Sikelo itathyoka mbedza tinaimanga ndi waya chaka chathunthu. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Ndi zaka zimenezo pomwe maliro anachuluka. Anthu amene anapita kukagwira ntchito m'tauni ankabwerera ataonda, akutsokomola, nkudzagona m'nyumba za amayi awo. Panali sabata zina zomwe sikelo inkalephereka chifukwa mudzi wonse uli kumanda. Dzina la matendawo tonse tinkalidziwa, Edzi, koma pamaliro ankangoti wadwala nthawi yaitali.

Anatipatsa zithunzi ndi mapepala kuti tiziphunzitsa anthu. Ndinkaima kutsogolo nkumalankhula, anthu atazolika, ndipo ndikamaliza sankafunsa funso. Ndikakumana ndi a Nampinga pamisonkhano ya ku Boma ndinkawadandaulira. Iwo ankati nawonso akuvutika, chifukwa nkhani imeneyi siilowa bwino m'nyimbo. "Ya chimbudzi anthu amaseka," anatero tsiku lina. "Iyi ukaimba, aliyense amaganiza za m'bale wake."

Ku Boma, chaka chakhumi ndi chitatu

Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa m'boma lathu, kunakonzedwa kagulu koyenda m'misika ndi m'midzi kulimbikitsa anthu kuyezetsa magazi. Ine ndi a Nampinga tonse tinaitanidwa ku Boma. Mkulu wa kaguluko anali a Chikopa, bambo wodekha, wolankhula motsitsa. Ndinakondwa kuti ndabwererana ndi achimwene anga, koma tsiku loyamba lomwelo ndinaona kuti asintha. Mapewa aja anali atagwa. Lamba anali atabowola mabowo atsopano. M'khosi munali zipsera za mashingozi, zomwe ankabisa ndi kolala. Nditafunsa za moyo anangoti malungo anawavuta chaka chatha.

Tinayamba ntchito. Iwo ankaimba, anthu nkusonkhana, ine nkulankhula. Anali atapeka nyimbo yabwino yonena kuti kudziwa kuli bwino kuposa kuganizira, ndipo anthu ambiri ankati akaimva amapita kukaima pamzere. Ine ndi amayi anu tinali titayezetsa kale. A Nampinga anali asanayezetse. Sanandiuze, koma ndinkadziwa, chifukwa nkhaniyo ikangoyandikira kwa iwo ankadzuka kukaona njinga.

Patapita miyezi ingapo gitala inayamba kusintha mawu. Zala sizinkafikitsanso nsambo pansi, ndiye mawu ena ankangofera m'njira. Tsiku lina pamsika, anthu atadzaza, anaima pakati pa nyimbo nkuyamba kupotokola zochunira ngati gitala yasokonekera. Ine ndinali pafupi, ndinaona dzanja likunjenjemera. Pobwerera anati gitala yakalamba, khosi lapindika. Madzulo ndinaitenga nkuyang'ana khosilo ndi diso limodzi monga amachitira akalipentala. Linali lowongoka. Ndinangowabwezera.

Sabata yotsatira a Chikopa anandiitana mu ofesi nkutseka chitseko. "A Mulepa, ine si wakhungu, ndipo inunso si wakhungu," anatero. "A Nampinga akudwala." Ndinavomera. "Ndikawauza ine, amva ngati ndikufuna kuwachotsa ntchito. Akazi awo sangayambe, mukudziwa mmene zilili m'nyumba zathu. Mwatsala ndinu." Ndinati munthuyo ndi mkulu wanga, sindingamuloze chala. A Chikopa anati, "Sindikukutumani. Ndikungonena kuti mankhwala alipo tsopano, ndipo amathandiza amene wabwera akuyenda yekha."

Nthawi yomweyo nsambo zinali zitatha, imodzi itaduka, ndiye Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Limbe. Wogulitsa m'sitolo ija, bambo wachikulire amene ankandidziwa kuyambira kale, atangondiona anatembenukira kushelefu. "Zomwe zija eti, nambala 13?" Zimenezo ndiye zonenepa. Anaika paketi patebulo. Pambali pake panali za nambala 10, zowonda. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka anathandiza anthu ena awiri nkubwereranso kwa ine. Ndinkadziwa kuti ndikatenga zonenepa palibe amene andinene. Ndikazimanga monga mwa masiku onse, iwo azilephera pang'onopang'ono, tsiku lina asiye kubwera kuntchito, ndipo ine ndidzaima pamaliro awo ngati mphwawo wokhulupirika amene sanawachititsepo manyazi. Ndikatenga zowonda, adzazindikira pongozikhudza, ndipo adzadziwa kuti ndaona. Zaka zonsezo anali asanandikalipirepo, ndipo ndinkaopa kutaya chibale chimenecho. Wogulitsa anafunsanso. Ndinaloza za nambala 10. "Mwasintha woimba?" anatero. Ndinati ayi, ndi yemweyo.

M'minibasi ndinakonza bodza. Ndinati ndikawauza kuti zonenepa zatha m'sitolo, ayambe agwiritsa izi. Ndinaganiza kuti akamva kupepuka kwake mwina nkhani idzayamba yokha tsiku lina.

Loweruka masana ndinapalasa njinga kupita kunyumba kwawo. Alamu, akazi awo, anali pakhonde kusenda nandolo. Anati bambo agona pang'ono, nkunditulutsira gitala. Ndinamasula nsambo zakale, nkuziponya pansi pa khonde, nkumanga zatsopano. Nditamaliza iwo anatuluka atafunda chitenje m'mapewa ngakhale kunali kotentha. Tinapatsana moni, anakhala pampando, ndinawapatsa gitala. Sanaiimbe nkomwe. Anangoika zala zakumanzere pansambo, nkudinikiza kamodzi, kenako anaigoneka pamiyendo.

"A Mulepa, izi mwandimangirazi ndi chiyani?"

Chiyambire anali asananditchulepo kuti a Mulepa, kapena kuti inu. Bodza lija linali pakamwa, koma linakana kutuluka.

"Ndi zowonda, achimwene."

"Zonenepa kunalibe?"

"Zinalipo. Ndasankha ndine."

"Chifukwa?"

Ndinati, "Zala zanu zatha mphamvu. Khosi la gitala ndinaliona, lili bwinobwino. Ndipo si zala zokha, achimwene, thupi lonse likutha. Tsiku ndi tsiku timauza anthu kuti akayezetse. Tiyeni ndikuperekezeni Lolemba."

Alamu anasiya kusenda nandolo. Palibe amene anayang'ana mnzake. Kenako a Nampinga analankhula, motsitsa kwambiri. "Mwabwera pakhomo panga, pamaso pa mkazi wanga, kudzandiyeza ndi maso. Munaphunzira kuti udokotala umenewo? Ine ndinakulandirani ku Namitambo musakudziwa ngakhale kupachika sikelo." Ndinayesa kupepesa, koma anakweza dzanja. "Njinga yanu ili apo."

Ndinapita. Njira yonse ndinkadziimba mlandu, ndipo mlanduwo unali woona. Pantchito yathu lamulo loyamba ndi chinsinsi. Nkhani yotere umamutengera munthu pambali, awiriwiri. Ine ndinainena pakhonde, mkazi wake ali pomwepo, ndipo m'nyumba nkhani ya matenda amenewa imabwera ndi mafunso ena amene mlendo sayenera kuyambitsa. Sindinakonze kuti zikhale choncho, koma ndi mmene zinachitikira.

Lolemba sanabwere kuntchito. Anatumiza kakalata kwa a Chikopa kuti sakupeza bwino. Kutchalitchi sanaoneke. Amayi anu anandiuza kuti ndipite kukapepesa, ndipo ndinapitadi, koma alamu anandilandirira panja nkunena kuti bambo agona. Maso awo anali ofiira. Sanandipatse mpando. Ntchito ya m'misika tinkaichita ndi pakamwa pokha, ndipo anthu ankabwera ochepa. A Chikopa sanandifunse kanthu, anangondiyang'ana tsiku lina nkupukusa mutu. Sabata zitatu zinatha choncho. Ndinkadya osamva kukoma, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti munthu uja adzamwalira atandikwiyira.

Lolemba lachinayi m'mawa, ndikupukuta njinga, ndinamva odi. Anali a Nampinga, atavala jekete la kutchalitchi lomwe tsopano linkawakulira, alamu ali kumbuyo kwawo. Sanalowe. "Mphwanga," anatero, "paja unati Lolemba. Sunanene kuti Lolemba liti." Ndinasiya njinga pomwepo. Tinayenda wapansi atatu kupita kuchipatala, pang'onopang'ono chifukwa ankapuma pafupipafupi. Ine ndinadikira pabenchi panja. Atatuluka anandiuza okha kuti onse awiri apezeka nako kachilombo. Alamu sanalire. Anangofunsa kuti mankhwala ayamba liti.

Zaka zinayi zomaliza

Miyezi yoyamba inali yovuta, ankasanza, ankagona, ndipo kawiri anagonekedwa m'chipatala. Kenako thupi linayamba kubwerera. Anayambanso kupalasa njinga. Koma zala ndi mapazi zinatsala ndi dzanzi lomwe silinathe, ndipo ku nsambo zonenepa sanabwererenso. Pabwalo kapena pamsika gitala ija sinkamvekanso, ndiye a Chikopa anakonza zoti aziimba m'malo otchingidwa, makamaka m'khumbi momwe anthu ankadikirira kuyezetsa ndi kulandira mankhwala. Mmenemo mawu aang'ono ankakwana. Anthu ankasiya kulankhula kuti amve. Akamaliza nyimbo ankatulutsa botolo lawo la mankhwala m'thumba la jekete, nkulikweza m'mwamba, nkunena kuti, "Ine ndinaimba za kuyezetsa miyezi yambiri ndisanayezetse. Musachite ngati ine." Amuna ambiri amene ankaopa pamzere ankapita kukakhala pafupi ndi iwo.

Musaganize kuti anazikonda nsambo zowondazo. Mpaka kumapeto ankadandaula kuti zimalira ngati udzudzu, ndipo chifukwa dzanja lamanja linazolowera kumenya mwamphamvu, ankazidula mwezi ndi mwezi. Ndikabwera nazo zatsopano ankati, "Wabweretsanso ulusi wako wosokera uja." Koma za tsiku la pakhonde lija sitinakambiranenso. Ndinayesapo kamodzi, anandidula mawu nkuyamba za mpira.

M'chaka chachinayi, nthawi yozizira, anadwala chifuwa chachikulu. Thupi linali litafooka kale ndipo silinapirire. Anamwalira ndili pambali pawo pamodzi ndi alamu. Tinawaika kwawo, pafupi ndi mishoni.

Patatha mwezi chichitikire maliro

Ndinapita kukaona alamu. Tinakhala pakhonde lomwe lija. Titacheza za ana ndi za munda, ndinalimba mtima nkunena kuti pali chinthu chimene ndakhala nacho zaka zonsezi, ndipo ndikufuna andikhululukire. Ndinati nkhani ija sindinayenere kuinena iwo ali pomwepo.

Iwo anati, "Alamu, pali zomwe simukudziwa. Tsiku lija mutangochoka, anzanu anamasula nsambo zanu zonse. Anagwada pansi apa nkutola zakale zija munataya, yoduka ija nkuilumikiza, nkuzimanga okha. Sabata ziwiri ankadzitsekera m'nyumba masana kuyesa nyimbo imodzi. Ine ndili panja ndinkaimva ikuyamba, nkufa, nkuyambanso. Ine sankandilankhula, inenso sindinkawalankhula. Tsiku lina kunangoti zii. Nditalowa ndinawapeza atakhala pamphasa, chala chikutuluka magazi. Anati, 'Mayi, Mulepa sananame.' Ndiye anandiuza zonse, zina zomwe sindinkafuna kumva. Tinakangana, tinalira. Mawa lake anamanganso zanu zija."

Ndinati komabe ndikanawatengera pambali.

"Mukanawatengera pambali," anatero alamu, "akanakuuzani kuti amva, nkubwera kuno osanena kanthu. Ndinakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu, ndimawadziwa. Ine ndinali ndisanayambe kudwala. Ndani akanandiuza?"

Mpaka lero sindinena kuti ndinachita bwino, chifukwa wina akachita zomwezo m'nyumba ina akhoza kupasula banja. Alangizi aang'ono amene ndinawaphunzitsa pambuyo pake ndinkawauza kuti asamatero. Koma alamuwo ali moyo. Anasamukira kwa mwana wawo wamkazi kufupi ndi Njuli, amamwa mankhwala awo, amalima nandolo ndi tomato, ndipo chaka chatha anaona chidzukulu chawo chachisanu ndi chimodzi. Mukamadutsa kumeneko muzitsika, mukawapatse moni. Ndi amayi anu aakulu.